Nthambi ya Mtengo Nambala Naini

MUTU WACHISANU NDI CHIMODZI

1. Mbande makumi anayi

Abale inu, amene sanaonepo munda wa manachesi ukufa asamadzitame kuti chisoni amachidziwa. Nyumba ikapsa imapsa tsiku limodzi, anthu n'kulira, mawa lake n'kuyamba kuumba njerwa zina. Koma munda wa a Tomas Zuze, kwa Nthache m'boma la Mwanza, unafa kwa zaka zinayi zathunthu, mtengo umodziumodzi, eni ake akuonerera.

Nthendayo anthu ankangoitcha chikasu. Masamba ankachita mawanga achikasu, nthambi n'kumauma kuyambira kunsonga. Zipatso zinkatuluka zazing'ono, zopendamira mbali imodzi, zowawasa moti ndi mwana wanjala yemwe ankalavula. Amayi ogulitsa zipatso kumsewu waukulu, amene kale ankakanganirana madengu pakhomo pa a Tomas, tsopano ankangopereka moni ali patali.

Mitengoyo anadzala ndi malemu bambo awo a Tomas, atangowoloka malire kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Ndi mitengo imeneyo imene inafolera nyumba ndi malata, ndipo ndi yomweyo inaphunzitsa mwana wawo Orlanda mpaka fomu folo. Chaka chino panalibe ndi umodzi womwe wopanda nthenda.

Chimene chinatsala chinali kuseri kwa nyumba: mbande za mandimu makumi anayi m'machubu akuda, zofundidwa ndi maneti akale a udzudzu kuti kachilombo kofalitsa nthendayo kasazifike. Kwa chaka ndi theka Orlanda ankalawirira kudambo, ndowa ili pamutu, kuti mbandezo zimwe. Iye ankatha kupita kusukulu osasamba, koma mbande sizinagonepo ndi ludzu.

Tsono mtengo wa mandimu subereka manachesi. Ntchito yake ndi kupereka mizu yolimba. Pamafunika kumezanitsa: umadula kadiso, paja pamaphukira nthambi, kuchokera ku mtengo wabwino wa manachesi, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la mbandeyo. Koma mtengo wabwino ukanachokera kuti? A Tomas anapalasa njinga midzi isanu, mitengo yonse anaipeza yodwala. Alangizi anawauza kuti adikire chaka cha mawa.

“Chaka cha mawa!” anatero a Tomas atabwerera kunyumba, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. “Mizu yayamba kale kuboola machubu. Mvula ikakhazikika ndisanapeze diso, pronto, basi, ndazisiya. Ndidula munda wonse ndiwotche makala ngati anzanga, mbandezo zidye mbuzi.”

Orlanda anamva mawuwo akuika ndowa pansi. Mtima unamupweteka kwambiri.

2. Nyumba ya neti

Poyembekezera zotsatira za mayeso, Orlanda ankapita tsiku lililonse kukathandiza pamalo ena ofufuzira za mbewu, pafupi ndi pa Boma. Ntchito yake inali kutsuka miphika yodzalamo mitengo ndi kusefa dothi. Mkulu wa pamalopo anali Mayi Liness Thombozi, katswiri wa sayansi ya zomera, amene aliyense ankangomutcha Madamu. Anali munthu wosakonda nthabwala pantchito, koma mwana wofunsa mafunso ankamupatsa nthawi.

Pakati pa malowo panali nyumba ya neti, ya zitseko ziwiri zotsatizana. M'chipinda chake chamkati munali timitengo ta manachesi khumi ndi tiwiri, kalikonse ndi nambala yake.

“Madamu, mitengo ya m'katiyi mumaipatsa mankhwala anji?” anafunsa Orlanda tsiku lina.

“Si mankhwala. Tandiuza, tsamba la m'kope lako la manotsi likang'ambika pakati, umatani?”

“Ndimabwereka kope la mnzanga wa m'kalasi. Ndimayang'ana mzere wa pamwamba ndi wa pansi pa malo ong'ambikawo. Ndikaipeza m'kope mwake, ndimakopera zapakatipo.”

“Basi, ntchito yanga yonse waitchula,” anatero Madamu. “Mtengo uliwonse, ndi iwe yemwe, unapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'selo iliyonse muli ulusi wautali wa malangizo umene timautcha DNA. Nthawi zina ulusiwo umaduka. Ukaduka, pali mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi yomwe wanenayo. Amakuta nsonga yodukayo, n'kuyenda nayo kufunafuna ulusi wina wofanana nawo. Akaupeza amaigoneka pamenepo, selo n'kukopera zimene zinasowazo.”

“Ndiye inu mumachitapo chiyani?”

“Ife timawachenjerera. Timadula ulusi dala, pamalo amene tasankha. Kenako timaika m'selo kachidutswa kathu kofanana ndi ulusiwo kumayambiriro ndi kumapeto, koma pakati pake tasinthapo pang'ono. Mapuloteni aja akaona kuti mbali ziwirizo zikugwirizana, amakhulupirira, selo n'kukopera ndi zosintha zathu zomwe. Chovuta n'chakuti m'zomera zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo. Maselo ambiri amangomata ulusiwo chimatemate, osayang'ana kope. N'chifukwa chake timawonjezera mapuloteniwo, kuti okopera bwino achuluke. Mwa maselo ochepa amene zinatheka, tinaleramo timitengo ukutionato. Zatitengera zaka zisanu ndi chimodzi, mwanawe.”

“Nanga mwasintha chiyani?”

“Pamalo pamene tikuganiza kuti nthenda ya chikasu imagwirira. Wamva? Ndati tikuganiza. Kuti tidziwe zoona, timitengo tonseto tinatipatsa nthendayo dala chaka chatha.”

Orlanda anasuzumira pa neti. Timitengo khumi ndi kamodzi tinali ndi mawanga omwe aja ankawaona kwawo. Koma nambala naini, pakona, unali biriwiri, masamba ake akunyezimira ngati wawapaka mafuta.

3. Kiyi ndi chenjezo

Sabata yotsatira Madamu anathothola masamba pa kamtengo kalikonse, n'kuwaika m'timabotolo kuti akawayeze ku labotale ku Blantyre. Bambo amene ankathirira m'chipinda chamkati anali atadwala, choncho kiyi anapatsidwa kwa Orlanda. Madamu sanamupatse chiimirire. Anamukhazika pabenchi, iye n'kukhala moyang'anana naye.

“Tchera khutu, Orlanda, chifukwa sindidzabwereza. M'chipinda chamkatimo simutuluka kanthu. Tsamba lothothoka silituluka. Dothi la kunsapato silituluka. Ukalowa, tseka chitseko choyamba usanatsegule chachiwiri, ndipo potuluka uzidzikung'untha kuti kachilombo kasakwere pa malaya ako.

“Ndakuona mmene umauyang'anira nambala naini. Usachite manyazi, inenso ndikauyang'ana mtima umandigunda. Koma mtengo ukhoza kubiriwira pa zifukwa ziwiri. Mwina wapha tizilombo tonse ta nthenda m'thupi mwake. Mwinanso tizilomboto tili mbwee m'katimo, iwo wangophunzira kukhala nato osadwala. Ndi maso sungasiyanitse, ngakhale utayang'ana mpaka dzuwa kulowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

“Chinanso, mapuloteni aja si angelo. Nthawi zina amakakonza pamene sitinawatume. Tiyenera kufufuza ngati sanaononge pena. Tiyenera kuona ngati mtengowo udzabereke, ndi ngati zipatso zake zidzakhale zabwino kudya. Ndipo lamulo silitilola kutulutsa chomera chotere mpaka oyang'anira zimenezi atakhutira.

“Za munda wa bambo ako ndikuzidziwa. Nanenso ndinakulira manachesi, ndipo mitengo ya mayi anga inatha chimodzimodzi. Akandiona amandifunsa kuti, ‘Sukulu yonse ija, ukulephera kundipatsa kanthambi kamodzi?’ Ndimalira m'galimoto pobwerera, koma sindinawapatse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wandimva?”

“Ndamva, Madamu.”

Anamvadi, ndipo tsiku limenelo ananena ndi mtima wonse. Kiyi anamumangirira ku chingwe n'kuvala m'khosi.

4. Nkhwangwa

Patapita masiku anayi kunagwa chizimalupsa, mvula ija imabwera kudzazimitsa moto wa m'tchire. Anthu ena anakondwera ndi fungo la dothi. A Tomas anayang'ana kumwamba, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nkhwangwa.

Orlanda akuchokera kudambo m'mawa anamva go! go! go! kumunda. Anataya ndowa n'kuthamanga. Anapeza bambo ake akudula mtengo wa m'mbali mwa njira, woyamba umene agogo ake anadzala.

“Ababa, taimani! Paja munati mvula ikakhazikika. Iyi si mvula yodzalira!”

“Choka, ingakuteme.”

Orlanda anagwira mpini ndi manja awiri. “Ndipatseni sabata imodzi, ababa. Chonde, imodzi yokha.”

“Sabata imodzi uchite nayo chiyani? Ubereke mtengo?” A Tomas anasiya nkhwangwa n'kukhala pansi, thukuta lili kamukamu. “Mwanawe, ine ndatopa. Ndikatuluka m'mawa, mitengoyi imandiyang'ana ngati ana odwala amene ndalephera kuwapititsa kuchipatala. Bambo anga anabwera kuno ndi mpeni womezanitsira m'thumba, popanda ngakhale bulangete. Anandisiyira munda, ine ndikusiyira zitsa. Ndikakhala n'kudikira, tidya chiyani? Makala ndi ntchito yonyansa, koma sadikira chaka cha mawa.”

Orlanda anali asanaonepo bambo ake akulira. Tsiku limenelo anawaona, ndipo anachita mantha kuposa mmene akanachitira akanamukalipira.

Masana a tsiku lomwelo analowa m'nyumba ya neti ndi kheni yothirira. Anatseka chitseko choyamba, anatsegula chachiwiri, monga anauzidwira. Anathirira timitengo tonse mpaka anafika pakona.

Tsono mwana wa mlimi wa manachesi amaphunzira chinthu chimodzi asanadziwe kulemba dzina lake. A Tomas ankamuuza kuyambira ali wamng'ono kuti, “Diso umatenga ku mtengo umene masamba ake ali biriwiri. Munthu akhoza kukunamiza, koma masamba sanama.” Lamulo limeneli linasunga minda kwa zaka zambiri, ndipo m'mudzi monse palibe akanalitsutsa. Orlanda anatembenuza masamba a nambala naini limodzilimodzi, anayang'ana pansi pake, anafinya ndi kununkhiza. Panalibe ndi kadontho komwe kachikasu.

“Unapatsidwa nthenda, sunadwale,” ananong'ona. “Nanga umboni wina ndi wa chiyani?”

Ine sindimuikira kumbuyo mtsikanayu. Anachenjezedwa momveka, ndipo Chichewa chake chinali chosavuta. Koma anali atangoona nkhwangwa m'mawa womwewo. Anatulutsa lezala, n'kudula nthambi zisanu ndi ziwiri za kumbuyo, mbali yoyang'ana ku neti. Kudula ankadziwa. Anachotsa masamba n'kuwakwirira mumphika momwemo, nthambizo anazikulunga m'kansalu konyowa, n'kuziika pansi pa chikwama chake.

Mlonda wa pachipata anamuuza kuti ayende bwino. Iye anathokoza osamuyang'ana kumaso.

5. Bodza

A Tomas anafunyulula kansalu kaja. Anaitenga nthambi imodzi, anaiyang'ana padzuwa, anakanda khungwa ndi chikhadabo.

“Wazitenga kuti zimenezi?”

“Ku ntchito, ababa. Ndi mtengo watsopano umene sugwidwa chikasu.”

“Wakupatsa ndani?”

Apa ndi pamene panali mpata wobwerera. Koma Orlanda anayankha kuti, “Madamu. Anati musauze anthu msanga.”

“Mulungu awadalitse mayi amenewo!” A Tomas anaimirira, anavina pang'ono pabwalo, bambo wamkulu ndi imvi zake, mpaka nkhuku zinabalalika. Kenako anabwerera n'kumugwira mwana wawo paphewa. “Ukudziwa chifukwa chake ndafunsa? Diso lakuba siliphuka bwino, ankatero bambo anga. Osati chifukwa cha matsenga ayi, koma chifukwa wakuba safunsa mbiri ya mtengo. Sadziwa kuti unachokera kuti, unadwalapo chiyani, umabereka zotani. Amangodula n'kuthawa. Mwini mtengo akakupatsa ndi dzanja lake, amakupatsa ndi zonse zimene akudziwa. Usadzaiwale zimenezi, ngakhale udzakhale dokotala.”

“Sindidzaiwala, ababa,” anatero Orlanda, maso ali pansi.

M'mawa mwake, dzuwa lisanatenthe, anayamba ntchito. A Tomas ananola mpeni wa bambo awo uja mpaka unameta ubweya wa pamkono. Ankacheka khungwa la mbande, kulitsegula pang'ono, kulowetsa kadiso, Orlanda n'kumanga ndi kachingwe ka pulasitiki. Pofika nthawi yoti Orlanda anyamuke kupita ku ntchito, mbande zonse makumi anayi zinali zitamangidwa. Nkhwangwa inabwerera kuseri kwa chitseko.

Madamu anachedwa ku Blantyre, masabata awiri amene ananena ponyamuka anasanduka atatu. Tsiku limene a Tomas anamasula tizingwe tija, anakuwa mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka. Timaso tonse, kupatula titatu, tinali tobiriwira, titagwira. Ankayenda pakati pa machubu akuyankhula ndi mbande ngati makanda, n'kumaziuza kumene adzazidzale.

Orlanda anaseka nawo. Koma kiyi uja m'khosi ankamulemera.

6. Zotsatira

Madamu anafika Lachisanu m'mawa. Anatsika m'galimoto osapereka moni wautali, n'kuitana Orlanda ku nyumba ya neti. Nkhope yake inali yotopa.

“Unasamala bwino mitengo, zikomo. Koma nkhani si yabwino.” Anaima pa nambala naini. “Mapuloteni aja anagwira ntchito yawo. Zimene tinasintha zilimo ndithu, pamalo pomwe tinkafuna. N'chifukwa chake sukudwala. Koma tizilombo ta chikasu tilimo tambiri, kuposa m'mitengo yodwalayi. Tinayeza katatu, ndicho ndinachedwera. Mtengo uwu uli ngati munthu wonyamula matenda iye ali bwinobwino. Diso lake likangolowa mu mtengo wina, nthenda yalowa.”

Orlanda anafunsa kuti, “Mu mbande ya mandimu namonso, Madamu?”

“Mulimonse. Ndipo kachilombo kakaluma pamenepo, kakapereka kwa mitengo ina.” Akunena zimenezi Madamu anazungulira kumbuyo kwa mphika, n'kuima. Anagwira pamene panadulidwa nthambi. Anapeza pena, ndi penanso. Mabala ake anali osalala, odulidwa mopendeketsa, mwaluso.

“Mbuzi sidula chonchi,” anatero mwakachetechete. “Mlondanso sadziwa kudula chonchi.”

Orlanda akanatha kukana. Akanatha kunena kuti kiyi anamuiwala pabenchi tsiku lina. M'malo mwake anagwada pasimenti, misozi ili chuchuchu.

“Ndine, Madamu. Ndinadula ndine. Bambo anali atayamba kugwetsa munda.”

“Zili kuti?”

“Tinamezanitsa. Mbande zonse makumi anayi. Zagwira, kupatula zitatu.”

Madamu anatseka maso. Atawatsegula sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. “Ndinakukhazika pansi, Orlanda. Ndinakuuza za mayi anga. Ukudziwa chimene wachita? Ntchito ino akhoza kuitseka chifukwa cha nthambi zimenezi, ndipo ndiyenera kukanena ndekha kwa oyang'anira lero lomwe. Koma zimenezo n'zanga. Chako n'chakuti mbande za bambo ako zinali zoyera, zokhazo m'mudzi monse, ndipo unazisunga ndi mutu wako chaka ndi theka. Lero ziyenera kupsa.”

“Madamu, chonde! Palibe mankhwala? Tikachotsa timasoto?”

“Papita masabata oposa awiri. Tizilombo talowa kale m'thupi mwa mbande. Madzi akatayika saoleka.”

“Tiyese zina, mwina zina sizinatenge!”

“Pofika nthawi yoti kuyeza kuonetse bwino, padzakhala patapita miyezi. Sindingasiye chomera cha muno kunja kwa neti ngakhale usiku umodzi. Bweretsa kiyi, ukwere galimoto.”

Orlanda anavula chingwe m'khosi n'kupereka. “Ndikupempha chimodzi, Madamu. Mundilole ndikawauze ndekha. Ndinawanamiza kuti munandipatsa ndinu.”

Madamu anagwedeza mutu kuvomera.

7. Moto kuseri kwa nyumba

A Tomas ataona galimoto ikuima pakhomo, anathamanga kukatenga mpando. Anavula chipewa, anawomba m'manja, chimwemwe chitadzaza tsaya.

“Takulandirani, mayi! Ndimati ndibwere ndekha ndi nkhuku kudzathokoza. Bwerani mudzaone ana anu mmene agwirira!”

“Ababa,” anatero Orlanda. Anagwada pafumbi pamaso pawo. “Madamu sanandipatse nthambi zija. Ndinaba. Ndipo mtengo wake uli ndi chikasu.”

A Tomas anaseka pang'ono, kuyang'ana Madamu kuti aseke nawo. Madamu sanaseke.

“Chikasu chake chiti? Ndinaziona ndi maso angawa. Ndakhala ndikumezanitsa iwe usanabadwe. Nthambi ya mtengo wodwala ndingaisowe ine?”

“M'munda mwanu simungaisowe, bambo,” anatero Madamu mwaulemu. “Diso lanu silinalakwe, ndipo mwana wanu anasankha monga munamuphunzitsira. Koma mtengo uja si wa m'munda. Tinausintha kuti usaonetse kudwala, ndipo nthendayo tinaiikamo tokha. Pepani kwambiri. Mbandezi zikatsala, zidzafa m'manja mwanu pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, zitapatsira kale mtengo uliwonse watsopano umene anzanu adzadzale.”

A Tomas anapita kuseri kwa nyumba. Anakweza neti, n'kunjuta pakati pa machubu. Pa mbande ina kadiso kanali katayamba kale kutupa, kansonga kobiriwira katasuzumira. Anakakhudza ndi chala.

“Ndisiyireni zisanu, mayi. Ndizibisa m'nyumba.”

“Sindingathe, bambo.”

“Imodzi.”

“Ngakhale imodzi.”

A Tomas anachotsa chala pa kadiso kaja. Kenako anaimirira n'kuyang'ana mwana wawo. “Ukanandiuza zoona tsiku lija, ndikanakukalipira, nthambizo n'kuziponya pamoto. Lero tikanakhala ndi mbande. Ine manja anga sangazule zimenezi. Zula iwe.”

Kalanga ine, ntchito imeneyo musadzaione! Orlanda anazula mbande imodziimodzi, iliyonse akuidziwa: iyi inachedwa kumera, iyi inatsala pang'ono kufa m'chilimwe. Ankalira mokweza osabisa. Anaziunjika pa nthambi zouma za mtengo umene bambo ake anagwetsa, Madamu n'kuthira parafini. Masamba a mandimu akamapsa amanunkhira, ndipo fungolo linadzaza bwalo lonse.

Moto utayamba kuzilala, Madamu anatulutsa kabuku kake. “Ndiyenera kulemba zonse. Pa mtengo paja ndawerenga mabala asanu ndi awiri. Nthambi zonsezo zinathera pa mbande izi?”

Orlanda anapukuta nkhope ndi dzanja lamwaye. “Zinatsala ziwiri pamene ndinkapita ku ntchito. Ababa, munazitaya, eti?”

A Tomas anakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

“Kuno diso sitimana, mayi,” anatero. “Mnzako akakupeza ukumezanitsa, umamugawira, ngakhale asanapemphe. Tsiku lija kunabwera a Laston, mlamu wanga wa kwa Kanduku. Kwawoko anazula mitengo yonse yodwala chaka chatha, kalabu yawo n'kufesa mandimu kuti ayambirenso poyera. Nawonso ankasowa diso. Ndinawapatsa.”

“Anamezanitsa?” anafunsa Madamu, cholembera chitaima.

“Anatumiza uthenga dzana kuti zagwira. Akuti Loweruka agawana mbandezo, banja lililonse litenge yake likasamalire kwawo.”

Orlanda anayang'ana mapiri a kwa Kanduku, kumene galimoto sifika mvula ikangogwa, ndipo mitambo inali itayamba kale kuda kumeneko.

“Loweruka lake liti, ababa?”

“Mawa, mwanawe.”